Chingwe Chimene Chinatsala Kumanda

Foni inalira a Efulemu Kamwendo akuthira madzi mu injini ya pikapu yawo. Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Januwale, ndipo ku Mitundu kumwamba kunali koyera ngati nyengo yokolola. Mvula inali itadula masiku atatu. Koma chakumadzulo, pa mapiri a Dzalanyama, mtambo wakuda unali chigonere kuyambira Lamulungu.

Woimbayo anali Pempho, mkazi wa Mayeso. Mayesoyo anali mphwawo wa a Efulemu, mwana yekhayo wa mlongo wawo a Jenifa, ndipo ankakhala kuchikamwini m'mudzi wina kumunsi kwa Nathenje, m'mphepete mwa mtsinje wa Diamphwe.

"Amalume," anatero Pempho, "bambo a mwana ali mumtengo pakati pa madzi."

Anafotokoza modukizadukiza. Mayeso anawoloka m'mamawa, madzi akulekeza m'mawondo, kuti akatenge pampu yothirira imene inatsala kudimba lake pa kachilumba ka pakati pa mtsinje. Kwawoko mvula sinagwe, choncho sanaope kanthu. Madzi ochokera ku mapiri anafika mwadzidzidzi iye ali komweko. Kachilumba konse kanamira. Iye anathawira mumkuyu, koma asanakwere, chipika chobwera ndi madzi chinamumenya mwendo. Amuna awiri anayesa kusambira kuti akamutenge, onse anabwerera.

"Akuoneka?" anafunsa a Efulemu.

"Akuoneka. Akukupiza malaya."

"Uwauze anthu amufuulire kuti agwiritsitse. Tikubwera ndi boti."

A Efulemu anayendetsa galimoto zaka makumi awiri ndi ziwiri pa famu ina ya fodya kufupi ndi Mitundu, ndipo pikapu yokalambayo anawapatsa ndi eni famuwo pamene ankapuma ntchito. Pa famupo panali damu, ndipo pa damupo panali boti la injini lokhala pa ngolo yake yachitsulo ya matayala awiri. Anadzera kaye kumunda kumene a Jenifa ankabandira chimanga. Mayiwo atamva, anasiya khasu pomwepo pamzere, n'kukwera osafunsa kalikonse.

Woyang'anira famu sanavute. Anaitana Jones, bambo amene ankasamalira damu ndi kuyendetsa botilo, kuti apite nawo.

"Akulu a mpingo, lero tikaibatiza galimoto yanuyi," anatero Jones akukoleka ngolo kumbuyo kwa pikapu. Iye ankapemphera ku mpingo umene umamiza anthu mumtsinje, ndipo nthabwala imeneyi awiriwa anaiyamba kalekale.

"Kwathu timangowaza pamutu, a Jones. Yangayi siilowa m'madzi."

"N'chifukwa chake machimo ake sakutha. Tamvani mmene ikukhosomolera."

Jones anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya a Jenifa kutsogolo kuja, anatseka pakamwa n'kukwera kumbuyo.

Msewu wadothi wopita ku Nathenje unali woipa. M'malo otsika munali mutadikha matope a mvula za mmbuyomo, ndipo kawiri konse ngolo inatitimira mpaka anthu odutsa anathandiza kukankha. A Jenifa ankang'ung'udza chapansipansi nyimbo ya amayi a Chigwirizano, ndime imodzi yomweyo, akafika kumapeto n'kuyambanso. Atadutsa pa Nathenje ndi kulowa kanjira kopita kumtsinje, analeka kuimba.

"Bambo ake atamwalira, munati mwanayu ndi wanu, achimwene," anatero.

"Ndi wangadi."

"Ndimangokukumbutsani."

Anafika nthawi ikuyandikira 11 koloko. Anthu anali mbwee pamtunda, ndipo anapatuka kuti galimoto idutse. Mtsinje unali wofiira ngati katondo. Unkayenda ndi mapesi, nthochi zozuka ndi mizu yomwe, ndi mbuzi imodzi yakufa miyendo ili m'mwamba. Chapakati, pa mtunda wotalika ngati bwalo la mpira, mkuyu unkaoneka nthambi zokha. Pa nthambi ina panali munthu atakhala mokumbatira thunthu, ndipo ataona galimoto anakweza malaya oyera n'kuwakupiza.

Malo okhawo otsikira kumadzi anali njira imene ngolo za ng'ombe zimadzera pokatapa mchenga. Inali yotsetsereka, ya makande oterera. A Efulemu anatsika, anayenda mpaka m'mphepete mwa madzi akuponda ndi chidendene kuti amve kulimba kwa nthaka, kenaka anazika kamtengo pamalo pamene dothi louma linathera.

Ntchito imeneyi ankaidziwa. Ngolo ya botilo inali yaifupi. Kuti boti liyandame, matayala a ngolo ankayenera kumira onse, ndipo ngolo ikakhala yokolekedwa ku galimoto, matayala akumbuyo a pikapu nawo akanalowa m'madzi kupitirira theka. Paipi yotulutsa utsi ikanamira. Mabuleki akananyowa n'kuleka kugwira. Zitsulo za kunsi, zimene zinali zitatentha ndi ulendo, zikagunda madzi ozizira zimakoka madziwo kulowa m'mafuta. Choipitsitsa n'chakuti pikapuyo inkakoka ndi matayala akumbuyo okha, ndipo atangokhala m'matope a pansi pa madzi, sikanakweranso mtundawo. Ali mnyamata anaonapo galimoto yatsopano ikutsetsereka pang'onopang'ono kulowa m'damu la pa famu, mwini wake akuponda buleki imene sinkamva. Kuyambira pamenepo njira yawo inali imodzi: kumasula ngolo, kuimanga ku galimoto ndi chingwe chachitali, n'kuitsitsa yokha, galimoto ili pouma.

Anatsegula chitseko, anapinda mpando, n'kupisa dzanja kumbuyo kwake. Munali jeke, sipanala, ndi chigubu cha mafuta. Chingwe munalibe.

Anaima chilili, dzanja lili momwemo. Kenaka anakumbukira. Lachisanu lapitalo kumudzi kwawo kunali maliro a gogo wina, ndipo adzukulu okumba manda anapeza kuti zingwe zawo zotsitsira bokosi zafumbwa. Anabwereka cha a Efulemu, chingwe cholimba chabuluu, chotalika mikono makumi atatu. Mwambo utatha, mkulu wa adzukulu anati chingwe chimene chalowa m'manda sichibwerera kunyumba tsiku lomwelo, chiyambe chagona kwa iwo n'kuchapidwa. A Efulemu sankakhulupirira kuti chingwe chingatenge imfa. Koma sanafune kukangana ndi anthu amene akumba manda chiyambire m'mawa, choncho anati adzachitenga Loweruka. Loweruka kunali msonkhano wa akulu a mpingo. Anaiwala.

"Chingwe chili kuti, madala?" anafunsa Jones.

"Chinatsala kumanda."

Jones anawayang'ana, n'kuyang'ana kumadzi.

Bambo wina wamtali, mwini wa imodzi mwa ngolo za mchenga, anasendera. "Nanga tikudikira chiyani? Bwererani nayo m'mbuyo, abambo. Ife ng'ombe zathu zimalowa pomwepa tsiku ndi tsiku."

"Ng'ombe ili ndi miyendo inayi, ndipo mphuno yake ili kutsogolo," anayankha a Efulemu. "Iyi imapumira kumbuyo."

"Ndiye timasule, titsitse ndi manja. Amuna tilipo ambiri."

"Ayi," anatero Jones. "Boti ili pamodzi ndi injini yake likulemera kuposa ng'ombe zanu ziwiri. Pamatope awa likatipulumuka, likagwera cham'mbali, injini n'kumwa madzi. Tikatero tonse tisanduka oonerera."

A Jenifa anali atatsika. Anabwera pafupi ndi mlongo wawo, ndipo analankhula motsitsa mawu kuti anthu asamve.

"Achimwene, bwererani nayo m'mbuyo."

"Ikalowa m'madzi siitulukanso, achemwali."

"Isatuluke."

"Nanga tikamutulutsa tidzamunyamula pa chiyani? Mwendo wavulala, magazi akutayika. Matope amene tadutsa aja mwawaona, ambulansi siingafike kuno. Kuchipatala cha ku Nkhoma si pafupi."

"Ayambe watsika mumtengomo. Zinazo adziwa ndi Mulungu."

"Mulungu watipatsa galimoto imodzi yokha."

A Jenifa anawayang'ana m'maso. "Lamulungu lapitali munaima kutsogolo kwa mpingo," anatero, "n'kutiuza kuti za pansi pano zimachita dzimbiri, tisaikepo mtima. Ndinali pa benchi yachiwiri. Ndinavomera nawo."

Mawuwo anawalasa a Efulemu. Analowa m'galimoto n'kutseka chitseko. Jones anabwera pawindo.

"Madala, mwina tingayese," ananong'ona. "Mukalowa pang'ono chabe, mwachangu. Mwina singazime."

"Mwina."

"Ndikuti mwina."

A Efulemu anagwira kiyi. Pagalasi ankaona ngolo ndi boti, ndipo kutsogolo kunali madzi ofiira. Kukanangotenga mphindi zisanu. Anadzifunsa moona ngati mlongo wawo sankanena zoona, pakuti galimotoyo ankaikondadi. Ankaipukuta m'mawa uliwonse, ankadziwa kulira kwa chitsulo chake chilichonse, ndipo panalibenso china chimene anatuluka nacho pa zaka zonse za ntchito. Anatseka maso. "Ambuye," anatero chamumtima, "Inu amene madzi ndi mphepo zimakumverani, ngati ndikusunga chitsulochi chifukwa ndi changa, ndionetseni tsopano, ndichiponya." Anadikira. Chimene anamva ndi mkokomo wa mtsinje basi. Ndipo m'maganizo mwawo anaona pikapu itamira mpaka m'mawindo, ngolo itakodwa kumbuyo kwake, njira yokhayo yotsikira itatsekeka, Mayeso atagona pamchenga popanda chomunyamulira.

Anasiya kiyi n'kutuluka.

"Ndikufuna zingwe," anauza anthu. "Za ng'ombe, za pachitsime, chilichonse cholimba. Thamangani."

Ena anang'ung'udza, koma anapita. Mudzi unali patali ndithu, kumtunda. A Jenifa anatembenuka. Anatsikira m'mphepete mwa madzi pamene Pempho anaima ndi mwana kumbuyo, anagwada m'matope, n'kuyamba kupemphera maso ali ku mkuyu.

Podikira, a Efulemu ndi Jones anatembenuza galimoto, anaibweza mpaka pamwamba pa mtsetse, anaika miyala ikuluikulu kumbuyo kwa matayala a ngolo, n'kuimasula. Zingwe zinayamba kufika chimodzichimodzi: ziwiri zachikopa zomangira goli, chimodzi chakhonje cha pachitsime, zina zapulasitiki zomangira katundu pa njinga. A Efulemu ankamanga okha mfundo iliyonse, kenaka n'kuuza amuna anayi mbali iyi ndi anayi mbali inayo kuti akoke. Chakhonje chija chinaduka pa kukoka koyamba. Anachipinda pawiri, chinafupika. Atayeza ndi mapazi, chonse pamodzi sichinafike pamadzi.

"Chikuperewera mikono isanu ndi umodzi," anatero.

"Bambo inu, kodi muli ndi mtima?" anafunsa mayi wina pagulupo. Palibe anamuletsa.

Mwini ngolo ya mchenga uja anakwera njinga kukatenga unyolo wa pulawo yake. Dzuwa linafika pamutu. Pempho ankafuula dzina la mwamuna wake mobwerezabwereza, mawu ake atasasa, ndipo nthawi iliyonse malaya oyera aja ankakwera, ngakhale kuti sankakweranso kwambiri ngati poyamba.

Kenaka malayawo anagwa. Anthu onse anawaona akuyandama, akuzungulira kamodzi, n'kupita ndi madzi. Munthu anali adakali pa nthambi, koma mutu unali utatsamira thunthu.

A Efulemu anapitiriza kumanga mfundo imene inali m'manja mwawo.

Unyolo unafika. Anaulumikiza ku galimoto, zingwe zija n'kupitirira mpaka ku ngolo. Jones anakwera m'boti pamodzi ndi mwini ngolo ya mchenga, amene ankadziwa pamene pali miyala mumtsinjemo. Amuna anachotsa miyala ya kumatayala, ena atagwira m'mbali kuti ngolo isakhote. A Efulemu analiza injini n'kuyamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, chitseko chili chotsegula, maso ali pa kamtengo kamene anazika kaja. Ngolo inatsika yokha ndi kulemera kwake, zingwe zitakungika mpaka kulira. Matayala ake analowa m'madzi, anamira, ndipo boti linanyamuka n'kuyandama. Tayala lakumbuyo la pikapu linaima dzanja limodzi lisanafike pa kamtengo kaja. Anakoka buleki yamanja, n'kuuza anthu aike miyala.

Anayang'ana nthawi pa foni. Panali patapita ola limodzi ndi mphindi khumi chifikireni.

Jones sanalunjike ku mkuyu. Anakwera kaye chakumtunda motsata gombe, kenaka anatembenuka n'kulola madzi amubweretse pa mtengowo, injini ikulimbana nawo. Ulendo woyamba anaphonya. Wachiwiri mnzake uja anakola nthambi ndi mkono. Anthu anawaona akulimbana ndi chinachake kwa kanthawi, kenaka akutsitsa munthu ngati thumba.

Mayeso anali atadzimangirira ku nthambi ndi lamba wake, n'chifukwa chake sanagwe. Atamutulutsa m'boti thupi lake linali lozizira ngati mwala wa m'madzi, milomo itatuwa. Buluku linali litang'ambika kuyambira pabondo, ndipo bala la pantchafu linali lakuya. A Efulemu anavula jekete n'kumufunditsa, Pempho anamanga balalo ndi chitenje. Mayeso anatsegula maso.

"Amalume," anatero. "Mwabwera."

"Ndabwera, mphwanga."

"Pampu yapita."

"Isiye ipite. Tigula ina."

Anamugoneka kumbuyo kwa pikapu pa mphasa ndi mabulangete amene amayi anabweretsa, mutu uli pamiyendo ya mayi ake, Pempho atamugwira manja. Boti ndi ngolo anazisiya m'manja mwa Jones. A Efulemu anamasula unyolo, anachotsa miyala, n'kutembenuza kiyi. Injini inalira nthawi yomweyo. Matayala anagwira dothi louma, ndipo galimoto inakwera mtunda uja popanda kuterera ngakhale pang'ono.

Anaiyendetsa monga sanaiyendetsepo. M'matope sanaimvere chisoni, m'mabampu sanachepetse. Atafika pa msewu wa tala anaponda mafuta mpaka chiwongolero chinayamba kunjenjemera. Ankapemphera mokweza, mawu osalongosoka, dzina la Mayeso ndi dzina la Ambuye mosinthanasinthana. Anakhota pa Kamphata kulowa msewu wa ku Nkhoma, phiri likuoneka kutsogolo.

Atayenda pang'ono anamva kugogoda padenga. Kawiri, mosafulumira. Anaima pambali pa msewu n'kutsika.

Pempho anali atagwetsa nkhope pa chifuwa cha mwamuna wake, mwana kumbuyo akulira. A Jenifa anali atakoka bulangete mpaka kuphimba kumaso. Maso awo anali ouma.

"Musathamangenso, achimwene," anatero.

Anapitabe kuchipatala, pang'onopang'ono, kuti adokotala akaone. Dokotala wachinyamata amene anawalandira anati magazi anatayika ambiri, ndipo thupi linazizira nthawi yaitali. A Efulemu anamutsatira pakhonde.

"Adokotala, ndifunse. Tikanafika ola limodzi m'mbuyomu, akanakhala moyo?"

Dokotalayo anawayang'ana mwachifundo. "Sindingadziwe, bambo. Mwina inde, mwina ayi. Ndikanama ndikanena kuti ndikudziwa."

"Nanga tikanamutulutsa msanga, koma n'kusowa galimoto?"

"Zimenezonso sindingadziwe."

Madzulo a tsikulo pikapu yomweyo inanyamula thupi kubwerera nalo ku Mitundu, kumudzi kwa mayi ake, monga mwa mwambo. Pamene amayi ankatsitsa a Jenifa, iwo anaima kaye, anasisita chitsulo cha m'mbali mwa galimoto, n'kuyang'ana dzanja lawo.

"Youma bwinobwino," anatero. "Galimoto yanu ilibe vuto, achimwene."

Analowa m'nyumba ya maliro. Sanalankhulenso nawo tsiku limenelo, ngakhale lotsatira.

Lachitatu m'mawa, anthu asanayambe kutuma galimoto kukagula matabwa ndi kukatenga abale, a Efulemu analowa kunsi kwake ndi sipanala monga ankachitira nthawi zonse akachokera kumadzi. Anamasula kabawuti ka pa chitsulo cha pakati pa matayala akumbuyo n'kupisamo chala. Mafuta akalowa madzi amayera ngati mkaka. Awa anali akuda bwino, oterera, opanda dontho ndi limodzi lomwe. Anayang'ana chalacho. Kunsi kwa galimotoko kunalibe wowaona, ndipo anagona chagada pafumbi n'kulira mpaka mapewa anawawa.

Jones anabwera masana atabweza boti ku famu. Anawapeza atakhala pa chitsa kuseri kwa nyumba.

"Madala, ndinabwereranso pa mtsetse uja madzi atatsika," anatero. "Pansi pake madzi anali atakumba. Pali phompho lofika m'chiuno pomwe matayala anu akanaima."

A Efulemu anagwedeza mutu.

"Ndikuti mukanalowa, ikanapita yonse, ndi boti lomwe."

"Mwina. Koma chingwe chikanakhala kumbuyo kwa mpando, a Jones, tikanamutulutsa 11 koloko itangopitirira pang'ono."

Jones anasendera pafupi. Anakhala nawo pansi, n'kumathyolathyola kaudzu.

Maliro anaikidwa Lachinayi. Abusa anapempha a Efulemu, monga mkulu wa mpingo ndiponso mwini mbumba, kuti apemphere pamanda. Iwo anapukusa mutu, ndipo anapemphera mkulu wina. Amayi a Chigwirizano, atavala zoyera ndi zakuda, anaimba nyimbo za ulendo wa kwathu, ndipo a Jenifa anali pakati pawo atagwiriziridwa mbali zonse. Bokosi litaikidwa pamwamba pa dzenje, adzukulu anatulutsa chingwe. Chinali chabuluu, chochapidwa bwino, chopindidwa mosamala. Anachipinda pawiri, anachidutsitsa kunsi kwa bokosi kumutu ndi kumiyendo, n'kuyamba kutsitsa pang'onopang'ono. Sichinalire, sichinaterereke. Chinali chingwe chabwino.

A Efulemu anachiyang'ana mpaka bokosi linafika pansi. Atayang'ana kutsidya kwa dzenje anaona kuti mlongo wawo nawonso akuyang'ana chingwecho. A Jenifa ankachidziwa, pakuti chaka chilichonse chinkamanga matumba a chimanga chawo pochokera kumunda.

Dothi litakwiriridwa, nkhata zitaikidwa, anthu anayamba kubwerera kumudzi. Mkulu wa adzukulu anatola chingwe chija kuti apite nacho. A Efulemu anamuyandikira.

"Ndipatseni."

"Akuluakulu, mwambo mukuudziwa. Chigone kaye kwathu, tichichape. Mudzatenga mawa."

"Chinagona kale kwanu. Ndipatseni lero."

Mkuluyo anafuna kunenanso, koma nkhani ya kumtsinje anali ataimva, monga aliyense m'mudzimo. Anayang'ana anzake, n'kupereka chingwecho ndi manja awiri.

Chinali chitapotana, chodzaza dothi lofiira la m'manda. A Efulemu anapita nacho pamene anaimika galimoto, pansi pa mtengo kunja kwa manda, n'kuyamba kuchimasula kuti achikulunge. Akakulunga mbali iyi, mbali inayo inkakodwa m'maudzu.

Anamva mapazi kumbuyo. A Jenifa anali atasiyana ndi amayi aja. Anaima pataliko pang'ono, duku lakuda lili kumutu, nkhope itatupa.

"Chinali kuno nthawi yonseyi?" anafunsa.

"Kuyambira Lachisanu. Ndinati ndidzatenga Loweruka."

"Munaiwala."

"Ndinaiwala, achemwali."

Anadikira kuti mlongo wawo anene zimene zinali kumtima. Anali okonzeka kuzilandira zonse. Koma a Jenifa anangoyang'ana chingwe chili m'maudzu. Patapita nthawi anawerama, anatola nsonga yake, anaikutumula dothi, n'kubwerera m'mbuyo mpaka chinawongoka.

"Kulungani," anatero. "Ndagwira."

A Efulemu anakulunga kuchokera pachigongono kufika padzanja, mkono ndi mkono, ndipo a Jenifa ankasendera pang'onopang'ono pamene chingwe chinkafupika. Atafika pafupi anapereka nsonga ija osawayang'ana kumaso, n'kutembenuka kutsata amayi anzawo, amene anali atayambanso kuimba panjira ya kumudzi.

A Efulemu anapinda mpando, anaika chingwe pambali pa jeke, dothi la m'manda lili momwemo, n'kubwezera mpandowo. Anakhala pa chiwongolero nthawi yaitali asanagwire kiyi.